Kapinga Waulesi

Lolemba, 6 Okutobala

Abambo atuluka m'chipatala lero. Adokotala ati mtima watopa koma sunagonje. Mapiritsi m'mawa ndi madzulo, mchere pang'ono, ndipo chachikulu: chikwakwa ayi, khasu ayi, makina otchetchera ayi. Izi anabwereza kawiri akuyang'ana ine, ngati ndine ndimawatuma amuna angawo.

Ndilembe momwe zinachitikira ndisanaiwale. Lachinayi lapitali masana ndinali pamakina anga, ndikupinda diresi ya kasitomala, ndinangomva panja pati zii. Makina awo otchetchera amalira ngati njinga yamoto ya chifuwa, ndiye akasiya munthu umadziwa. Posuzumira pawindo ndinaona nsapato ziwiri zikuloza kumwamba. Ndinathamanga tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Atatsegula maso, mawu awo oyamba: "Mzere wakugetiwo ndinaumaliza?"

Zaka 31 akudula mapepala kufakitale yosindikiza mabuku. Chipumireni ntchito chaka chatha, mapepala awo ndi kapinga wa pakhomo pano. Amatchetcha Lolemba ndi Lachinayi, nthawi zina ndi Loweruka lomwe ngati wina wawakwiyitsa. M'mphepete amadula atakoka chingwe pa zikhomo.

Pofika pageti lero sanafunse n'komwe za m'nyumba. Anaima n'kuyang'ana kapinga wa masiku anayi osametedwa, n'kupukusa mutu ngati apeza mwana wawo akusuta fodya.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mwana wathu wamkazi wabwera molunjika kuchokera kuntchito, yunifolomu ili m'thupi. Akavala yoyerayo sakhalanso mwana wathu, amakhala Namwino, ndipo tonse timakhala odwala ake. Wakankhira makina otchetchera m'kachipinda ka zipangizo, chikwakwa ndi khasu momwemo, wakhoma, kiyi m'chikwama.

"Ababa, ndikadzangomva kuti mwatchetcha, amuna anga abweretsa simenti. Bwalo lonseli konkire, kuyambira pageti mpaka pakhonde."

Mkamwini wathu ndi mmisiri womanga. Anagwedeza mutu msanga kwambiri. Ndinamuona akuyeza bwalo ndi maso, milomo ikuwerenga.

Abambo anati, "Konkire sapuma, mwananga."

"Inunso simupuma, ndiye tafika pano."

Ine ndinalowererapo kuti nkhondo ithe. Ndati bwanji tifune kapinga wina wosafuna kumetedwa pafupipafupi, bwalo likhalebe lobiriwira, munthu akhalebe wamoyo. Namwino wavomera, koma wati mawu a simenti sanawabweze. Abambo angoti, "Kapinga wosakula ndi kapeti."

Lachitatu, 8 Okutobala

Tsiku lonse ali pakhonde kuyang'ana kapinga. Akuti akumumva akukula.

Lachinayi, 9 Okutobala

A Ndimadziwa, aneba a kuseri kwa mpanda, amva kale. Anasuzumira pamene pali chiboo m'mpandamo ndili kuyanika zovala. Malangizo awo atatu: choyamba, gulani mbuzi. Chachiwiri, thirani madzi a mchere, kapinga amachita manyazi n'kusiya kukula. Chachitatu, akuti kuli kapinga wina amakula zala ziwiri basi n'kuima yekha, msuweni wawo anali naye. Ndinafunsa kuti msuweniyo ali kuti tikapempheko mbewu. Akuti anamwalira, ndipo kapingayo anatsatira.

Pabwalo pawo pali fumbi lokhalokha ndi galimoto yopanda mateyala.

Loweruka, 11 Okutobala

Tapita kwa mayi wogulitsa maluwa pamseu waukulu paja. Ndinkafuna kupita ndekha koma Abambo anali atavala kale chipewa. Rula yawo yachitsulo m'thumba la malaya.

Mayiyo sanayambe ndi kutionetsa katundu. Anayamba ndi mafunso ngati akuchipatala. Dzuwa limawomba maola angati? Pali mtengo? Madzi apampopi amatuluka masiku onse? Pali galu? Ana amasewerapo mpira? Ndayankha: mtengo wa mango umodzi wa mthunzi waukulu, madzi amatuluka akafuna, galu kulibe, adzukulu amabwera Lamulungu lokha. Kenako anafunsa, "Wotchetcha ndani?" Abambo anakweza dzanja. Ine ndinalitsitsa.

Anatitengera kumbuyo komwe wadzala mitundu itatu m'timabedi. Woyamba ndi yemwe tili naye kunyumba, wothamanga uja. Akuti ukamuthirira Lolemba, Lachisanu wafika kukhitchini kudzapempha ena. Wachiwiri ndi woonda ngati tsitsi, wobiriwira mochititsa kaso, koma akuti ameneyo ndi khanda: madzi tsiku ndi tsiku, feteleza, kumeta, ndipo pamthunzi amafa. Wachitatu ndi wa masamba otambalala, amayanga chogona pansi, mthunzi saudandaula, akagwira madzi ndi kamodzi pa sabata, kumeta mwina kamodzi pa mwezi, mwinanso kuiwala.

"Uyu ndi waulesi, mayi," anatero. "Ngakhale mumukalipire, sadzuka."

Potembenuka ndinapeza Abambo atagwada pa khanda lija, akulisisita ndi chikhatho. Anafunsa mayiyo kuti ameneyu angametedwe mpaka mamilimita angati. Maso awo ankawala ngati tsiku limene tinagula firiji.

Ndasankha Waulesi. Abambo anamuyang'ana n'kunena kuti masamba ake ngati chimanga cholephera. Pobwerera m'basi sanandilankhule. Anakhala pawindo, rula ili pamiyendo.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Azibambo awiri a ganyu abwera kudzazula kapinga wakale. Mayi wa maluwa anachenjeza kuti muzu umodzi wokha ukatsala, wothamangayo abwerera n'kumudya Waulesi ali mtulo. Ndiye akumba, asefa dothi ndi manja, aunjika zozulazo kuseri kwa nyumba kuti ziume tidzawotche.

Abambo anakhala pampando pakhonde ngati munthu woonerera nyumba yake ikugwetsedwa. Wilibala iliyonse ikamadutsa ankaitsatira ndi maso mpaka pakona. Nthawi ina ndinawamva akuuza mmodzi wa aganyuwo, "Pang'onopang'ono, bambo, sanalakwe ameneyo."

Lachinayi, 16 Okutobala

Waulesi wadzalidwa. Timagulu timagulu, potalikirana chikhatho chimodzi. Bwalo likuoneka ngati mutu wa mwana wa zipere. A Ndimadziwa akuti akanakhala iwo akanadzala mizu m'mwamba kuti asokonezeke asakule.

Abambo anapempha kuti mizere ikokedwe ndi chingwe. Ndinawalola. Aganyu anabwereza mzere woyamba katatu, wachitatuwo mmodzi anandiyang'ana ndi maso opempha thandizo.

Loweruka, 18 Okutobala

Masabata awiri oyamba Waulesi amafuna madzi tsiku lililonse kuti agwire. Namwino walola kuti Abambo azigwira payipi, bola atakhala pampando. Ndiye m'mawa uliwonse mpando ukuyenda ndi bwalo. Amathirira kagulu kalikonse powerenga mpaka teni. Adya bwino lero, apempha tiyi wachiwiri.

Lachisanu, 31 Okutobala

Sindinalembe masiku ambiri, maoda a mayunifolomu a kwaya anandipanikiza. Waulesi wagwira, wayamba kutambasula manja, zipere zikutsekeka. Ndinadutsa kwa mayi wa maluwa kukamuuza, wati tsopano chepetsani madzi, kamodzi pa sabata, apo ayi mizu iwola. Ndawauza Abambo. Anapinda payipi bwinobwino, kuikoloweka pamsomali, n'kuima pamenepo manja m'chiuno.

"Ndiye basi?"

"Basi. Ndi zimene timafuna."

"Amene timafunafe ndani?"

Lolemba, 3 Novembala

Alowa m'chipinda changa chosokera. Akuti angondithandiza pang'ono. Pofika masana ulusi wonse unali utasanjidwa kuyambira woyera mpaka wakuda, mabatani m'timabotolo malinga ndi kukula. Sindikupeza kanthu kalikonse. Kale ndinkangotambasula dzanja osayang'ana.

Lachiwiri, 4 Novembala

Kunabwera mayi wina wa kubanki kudzayesa siketi. Ali chiimire pagalasi, Abambo anatulukira ndi rula yachitsulo, kugwada, kuyeza kuchokera pansi, n'kulengeza kuti kumanzere kwatsika ndi mamilimita anayi. Ndinati siketi ili bwino. Iwo anati ndiye kuti vuto ndi mwendo.

Mayiyo anaseka, koma kuseka kwa munthu amene sadzabweranso.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndakalipa lero, ndipo ndakalipa kwambiri.

Ndinapita kukagula zipi. Pobwera ndinapeza mapepala anga odulira zovala, aja ndawasunga zaka makumi awiri, ali pamulu waudongo patebulo, onse olingana ngati buku latsopano. Akuti m'mphepete munali mokhotakhota ndiye awongola. Mokhotamo ndi m'khwapa, Abambo. Ndi m'khosi. Munthu si envulopu.

Ndinanena zambiri. Ndinati pitani mukapeze chochita kwina, muno musadzalowenso. Anaika rula m'thumba n'kutuluka, chitseko anatseka mwaulemu kwambiri. Ndikanakonda akanachimenyetsa.

Loweruka, 8 Novembala

Masiku atatu sanamete ndevu. Munthu amene chikwatiraneni sindinamuonepo ndi ndevu. Amadzuka mochedwa, kukhala pakhonde, tiyi kuzizira m'kapu. Wailesi satsegula. A Ndimadziwa anawaitana pachiboo paja kuti akangane za mpira, iwo anangovomera zonse. A Ndimadziwa anabwerera ali odabwa, sanazolowere kupambana.

Namwino anadutsa kudzawayeza. Akuti BP ili bwino kwambiri, mapiritsi akugwira. Anasangalala, anayamikira Waulesi, anajambula bwalo ndi foni. Ine ndinaima pakhomo ndikuyang'ana bambo ake. Manambala ali bwino, koma munthu wake sindikumuona. Malaya amene ndinawasokera chaka chatha ayamba kulendewera m'mapewa. Telala sanamizidwa ndi mapewa.

Ndinapepesa za mapepala zija. Anati, "Munanena zoona, amayi." Zinandipweteka kuposa akanakana.

Lachiwiri, 11 Novembala

Ameta ndevu. Aimba mluzu kubafa.

Lachitatu, 12 Novembala

Mluzu ukupitirira. Adya zonse m'mbale. Cha m'ma 9 anati akukawongola miyendo, anasowa pafupifupi ola, koma geti sindinalimve. Anabwera nkhope ili ngwee.

Ndinalakwitsa kuwauza a Ndimadziwa. Anatsitsa mawu n'kunena kuti mwamuna wa msinkhu umenewo akayamba mluzu, pali winawake. Anafunsa ngati mayi wa maluwa uja ali pabanja. Ndinawauza kuti akasamale galimoto yawo. Koma nditabwerera pamakina ndinasoka dzanja la bulauzi chadodolido.

Lachinayi, 13 Novembala

Sizasi yanga yaikulu, ija ya nsalu zokhazokha, imene ana onse anakula akudziwa kuti kuigwira ndi mlandu, yayamba kutafuna nsalu m'malo modula. Ndinaiyang'ana pawindo. Pakati pa mano ake pali zobiriwira. Ndinanunkhiza.

Winawakeyo ndamudziwa.

Lachisanu, 14 Novembala

Atangonena za kuwongola miyendo ndinavula masilipasi n'kulowa kubafa, kukwera pa ndowa yovundikira, kusuzumira pa kawindo kakang'ono koyang'ana kuseri.

Kuseri kwa thanki ya madzi kuli beseni lalikulu lachitsulo lija tinkasambitsiramo ana. Ndinkaganiza kuti linatayidwa kalekale. Ladzaza dothi, ndipo pamwamba pake pali kapinga wakale uja, wothamanga, wobiriwira ngati wapentedwa. Anamutola pamulu wowotcha uja aganyu atangochoka, n'kumubisa. Mwina masiku a ndevu aja anali atamutaya mtima, kenako atapita kukamuona anapeza waphuka yekha.

Anali atakhala pa kampando, magalasi pamphuno, chipeso changa kudzanja lamanzere, sizasi yanga kudzanja lamanja. Amapesa, n'kudula, n'kuika rula, n'kuweramitsa mutu kuyang'ana chammbali. Ankalankhula naye motsitsa. Ndinamvako mawu amodzi okha: "Iwe ndiye sumva."

Ndinakwera pandowa paja nditakonzeka kukalipa. Ndinatsika osawaitana n'komwe. Ndinakhala kubafako kanthawi ndithu.

Loweruka, 15 Novembala

Ndawafunsa pa tiyi wa m'mawa. Ndinangoika sizasi patebulo pakati pa makapu.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Adokotala anatchula chikwakwa, khasu ndi makina. Sizasi sanatchule."

"Nanga chipeso changa?"

"Ndimachitsuka."

Ndinayesetsa kuti ndisaseke. Ndinawakumbutsa kuti Namwino akubwera mawa ndi ana, ndipo adzukulu amathamangira kuseri kwa thanki asanapereke n'komwe moni. Akangoona, simenti. Ndinawauzanso kuti wothamanga wawoyo watulutsa kale dzanja limodzi kunja kwa beseni, ndaliona, likulowera kwa Waulesi.

Anazunguza kapu m'manja. "Waulesi wanuyo ndi wabwino, amayi, sindikukana. Koma sandifuna. Ndikadzuka m'mawa palibe chimene chikundidikira. Inu muli ndi nsalu zanu."

Ndinawathirira tiyi wina ngakhale kapu inali isanathe.

Lamulungu, 16 Novembala

Sizinatenge mphindi zisanu. Mdzukulu wamng'ono anabwera akuthamanga kudzanena kuti agogo ali ndi bwalo la mpira la nyerere. Tonse tinapita kuseri, Namwino patsogolo. Lero sanavale yoyera koma nkhope inali ya yunifolomu.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

Abambo asanatsegule pakamwa ndinati, "Ndawalola ndine." Bodza, koma laling'ono, poti dzulo sindinawaletse.

Anayamba kundiwerengera: mwayamba ndi beseni, mawa ndi bedi, mkuja ali pansi nsapato m'mwamba, ndipo wodzawalandira kuchipatala ndi ine. Ndinakumbuka kuti tsiku lija ndi iyeyo anawalandira pakhomo la chipatala, ali pantchito, osadziwa kuti pamachira akubwerawo pali bambo ake.

Ndinamuuza kuti atenge makina ake a BP m'chikwama. Awayeze tsopano, kenako awasiye amete beseni lawo, awayezenso. BP ikakwera, ine ndemwe ndikatsegula geti kuti simenti ilowe. Mkamwini anawongoka.

Anawayeza. Abambo anakhala pa kampando, ife tonse titazungulira ngati tikuonerera opaleshoni, a Ndimadziwa atakwera pa chitini kuseri kwa mpanda. Poyamba ankatiyang'anayang'ana. Kenako anatiiwala. Tseketseke, chipeso, rula. Mdzukulu anapatsidwa udindo wogwira mbale ya zodulidwa. Patatha mphindi makumi awiri Namwino anawakulunganso lamba pamkono. Anayang'ana manambala, kuzimitsa, kuyezanso kachiwiri. Sanatiuze. Anangopinda lamba uja n'kunena, "Koma kuwerama uku ayi."

Apa ndi pomwe mkamwini anapeza mpata wake. Akuti atha kumanga bedi la njerwa lofika m'chiuno, kukula kwake ngati chitseko, pansi pake konkire kuti mizu isathawe. Munthu azimeta ataimirira kapena atakhala pampando wautali. Ananena mawu oti konkire mokoma ngati dzina la mwana wake. Abambo anafunsa ngati makona adzakhale olunjika. Mkamwini anakhumudwa pang'ono ndi funsolo, ndipo anayamba kukangana za makona mpaka chakudya chinazizira. Chikwatireni mwana wathu, aka n'koyamba kuwaona awiriwa akucheza.

A Ndimadziwa akuti maganizo amenewa anali nawo kalekale.

Lachitatu, 19 Novembala

Bedi lamangidwa kumbali kwa nyumba, pomwe dzuwa limafika m'mawa. Abambo analiyeza ndi rula mbali zonse zinayi ndipo sananene kanthu, kutanthauza kuti lakhoza. Wothamanga wasamutsidwa kuchoka m'beseni. Dzanja lija linathawa ndalizula ndekha, ndinalitsata mpaka pafupi ndi chingwe choyanikira.

Ndapita ndi sizasi yanga kwa wonola. Anaiyang'ana n'kundifunsa ngati ndasiya utelala. Pobwerera ndagula ina ya m'munda, ya zogwirira zofiira, ndi chipeso chawochawo.

Waulesi ali phee kutsogoloku. Sakudziwa n'komwe kuti kunali nkhani.

Lolemba, 24 Novembala

Ndinadzuka ndikumva fungo la ayironi. Anali akusita jasi yawo ya buluu ya kufakitale, imene yakhala pansi pa sutikesi chipumireni. Hafu pasiti seveni anali ataivala, mabatani onse, sizasi yofiira m'thumba lina, rula m'thumba lina, bolopeni pachifuwa. Anamwa mapiritsi osakumbutsidwa. Anaima pakhomo la kukhitchini n'kukonza kolala.

"Amayi, ndapita."

Kuchoka pakhomopo kufika pabedi lawo ndi mapazi khumi ndi awiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiseke, koma chimene chinatuluka ndi, "Muyende bwino." Ndipo ndinapezeka ndikuwathirira tiyi m'fulasiki, ndikuwakulungira buledi m'pepala. Analandira ndi manja awiri.

Pano ndi 11 koloko. Ndili pamakina, iwo ali kuseri kwa khomali, ndikumva tseketseke. Posachedwapa anagogoda pawindo langa ndi rula. Akuti ndisawadikire pa nkhomaliro, ntchito yachuluka, lero aweruka mochedwa.